Msipu wobiriwira wa ku Firle ndi zitsulo zimene sizichoka m'nthaka

Kumwera chakumadzulo kwa mzinda wa Harare ku Zimbabwe kuli mafamu a khonsolo ya mzindawo, ndipo odziwika kwambiri ndi Firle, Crowborough ndi Pension. Kwa zaka zambiri, m'miyezi ya September ndi October pamene tchire lonse lozungulira linali litauma gwa, msipu wa m'mafamu amenewa unkakhalabe wobiriwira ngati kuti mvula yagwa dzulo. Ng'ombe za khonsolo zinkadya n'kunenepa pamene za anthu a m'midzi zinkaoneka nthiti. Chomwe chinkadyetsa msipuwo si feteleza wa m'sitolo ayi. Anali madzi ndi matope ochokera m'zimbudzi, m'mabafa ndi m'mafakitale a mzindawo, atadutsa kaye kumalo otsukira suweji.

Nzeru imeneyi inabwera chifukwa cha vuto la madzi akumwa. Harare amamwa madzi a m'nyanja ya Chivero, damu lomwe linamangidwa pa mtsinje wa Manyame mu 1952 ndipo kale linkatchedwa Lake McIlwaine. Tsoka lake ndi loti mzindawo uli kumtunda kwa damulo. Chilichonse chotayidwa m'mitsinje ya Mukuvisi ndi Marimba chimakathera m'madzi omwewo amene mawa lake atuluke pampopi. Pofika m'zaka za m'ma 1960, ndere zinali zitaphimba nyanjayo, ndipo namasupuni, yemweyu amene amatseka mtsinje wa Shire kwathu kuno, ankafalikira chifukwa cha nayitirojeni ndi fosiforasi wa m'madzi a suweji. M'zaka za m'ma 1970 boma linakhwimitsa malamulo otayira madzi oipa m'mitsinje, ndipo khonsolo inayamba kupopera madziwo, osakaniza ndi matope, kumafamu. Kumeneko anadzalako udzu wa kikuyu ndi wa star grass, womwe ndi m'bale wake wa kapinga wathuyu. Udzuwo unkayamwa chakudya chimene chikanakaononga nyanja, ng'ombe zinkadya udzuwo, ndipo kwa zaka zingapo madzi a Chivero anayeradi. Palibe amene angaitche nzeru yopusa.

Matope amenewa ndi zimene zimatsala madzi a suweji akadikha. Zolimba zimamira pansi pa matanki, kenako amaziwoletsa m'matanki ena otsekedwa kuti fungo ndi tizilombo zichepe, n'kuziyanika pabwalo mpaka zitauma n'kusweka zibuma zakuda. Mlimi aliyense akagwira chibuma choterocho amadziwa kuti wagwira manyowa. Muli nayitirojeni, muli fosiforasi wambiri, muli zowolerana zimene zimathandiza nthaka ya mchenga kusunga chinyezi ndi kuleka kukokoloka. Udzu umakondwa nawo kuposa mbewu zambiri, chifukwa mizu yake ndi yothithikana ndipo ukadulidwa kapena kudyedwa umaphukiranso, n'kumafuna chakudya china. N'chifukwa chake osamalira mabwalo a masewera anawazindikira kalekale. Mzinda wa Milwaukee ku America wakhala ukugulitsa matope ake owumitsidwa pamoto m'matumba, pa dzina la Milorganite, kuyambira mu 1926, ndipo makasitomala ake oyamba okhulupirika anali mabwalo a gofu.

Koma paipi ya suweji sisankha. Ku Harare mapaipi a m'makomo amakumana ndi a m'madera a mafakitale monga Workington, Southerton ndi Willowvale. Fakitale yokutira zitsulo kuti zisachite dzimbiri imatulutsa zinki, nickel ndi cadmium. Ofufuta zikopa amatulutsa chromium. Mabatire, penti ndi oilo wakutha wa m'magalaja amabweretsa mtovu. Ngakhale m'nyumba wamba, mapaipi akale amasiya kopa ndi zinki m'madzi pang'onopang'ono. Zitsulo zimenezi zikafika kumalo otsukira suweji sizikonda kutsala m'madzi. Zimakakamira ku zolimba zija n'kumira nazo. Ndiye kuti malo otsukira suweji akamagwira bwino ntchito, madzi amatuluka oyera koma matope ndi amene amasenza katundu yense woipa.

Akatswiri a nthaka a ku University of Zimbabwe anapita kukakumba m'mafamuwo kuti aone chimene chinkachitika pansi pa msipu. Mu 1999, Justice Nyamangara ndi mnzake J. Mzezewa anafalitsa zomwe anapeza ku Crowborough, pa nthaka imene inali italandira matope kwa zaka 19. Zinki, kopa, nickel ndi mtovu zinali zitachuluka, ndipo zambiri zinali zitaunjikana pamwamba, m'kati mwa masentimita 20 oyambirira. Patapita zaka zochepa Simon Madyiwa ndi anzake anayeza nthaka ya mchenga ya ku Firle, yomwe inathiriridwa kwa zaka pafupifupi 30, ndipo nkhani inali yomweyo. Anayesanso kudzala star grass m'miphika ya dothi lothiridwa mtovu ndi cadmium, n'kupeza kuti udzuwo umatha kuyamwa zitsulozi kupitirira mlingo woyenera msipu wa ziweto.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Masentimita 20 amenewo ndiwo malo a mizu ya udzu, ndiwonso malo amene khasu limafika. Nayitirojeni wa m'matope amatha m'nyengo imodzi kapena ziwiri: udzu umamudya, wina amakokoloka ndi mvula, wina amauluka. Zowolerana nazo zimatha pakapita zaka. Koma mtovu ndi cadmium siziwola. Chaka chilichonse chimene matope athiridwa chimangowonjezera pa za chaka chatha, ndipo palibe chaka chochotsera.

Zitsulozi sizichita zofanana zikakhala m'nthaka, ndipo kusiyana kwake n'kofunika kukudziwa. Katswiri wina wa ku America, Rufus Chaney, anafotokoza cha m'ma 1980 kuti nthaka ndi mbewu zimatchinga zitsulo zina kuti zisafike m'mbale ya munthu. Mtovu ndi chromium zimagwirana zolimba ndi dothi, ndipo zochepa zimene zalowa mumbewu zimatsakamira kumizu. Zinki, kopa ndi nickel zimakwera mpaka kumasamba, koma zikachuluka mbewuyo imayamba yadwala: masamba amachita chikasu, imapinimbira, mlimi n'kuona kuti pali vuto munthu asanadye zoopsa. Cadmium ndiye wozemba. Amalowa mosavuta, amafika kumasamba, ndipo mbewu imaonekabe yathanzi pamene yasenza mlingo woti ungapweteke wodya. Akale anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo msipu wa cadmium ndi woterodi. M'thupi la ng'ombe kapena la munthu cadmium amakakhazikika mu impso ndi m'chiwindi, ndipo mwa munthu pamatenga zaka 10 mpaka 30 kuti theka lake lichoke. Anthu a m'chigwa cha mtsinje wa Jinzu ku Toyama, m'dziko la Japan, anaona mapeto ake: cadmium wochokera ku mgodi wa Kamioka analowa m'minda ya mpunga, n'kubweretsa nthenda yoononga impso ndi kufewetsa mafupa yotchedwa itai-itai, imene boma lawo linavomereza chiyambi chake mu 1968. Kumeneko gwero linali mgodi, osati suweji, koma njira yochokera m'nthaka kukafika m'thupi ndi imodzimodzi.

Nanga ngati mtovu umatsakamira kumizu, ng'ombe ili pa mtendere? Ayi. Ng'ombe ikamadya msipu waufupi imameza ndi dothi lomwe, makamaka m'chilimwe pamene udzu wachepa. Matope akathiridwa pamwamba amamatiriranso kumasamba. Choncho mtovu umene mizu inaukana umalowabe pakamwa. Nkhosa nazo zili ndi vuto lawolawo, chifukwa sizipirira kopa ngati mmene ng'ombe zimachitira, moti msipu wosavulaza ng'ombe ungathe kupha nkhosa. Ndipo kwa ife amene timati nyama yokoma ndi chiwindi ndi zam'kati, n'zofunika kudziwa kuti ziwalo zimenezo ndizo nkhokwe ya zitsulozi, osati mnofu.

Chinthu chimodzi chimene chimalamula kuchuluka kwa zitsulo zolowa mumbewu ndi asidi wa m'nthaka. Nthaka ikakhala ya asidi wambiri, pH yake itatsika pansi pa 6, cadmium, zinki ndi nickel zimasungunuka n'kupezeka mosavuta kumizu. Nthaka ya mchenga, yopanda makande ogwira zitsulo, imaipitsiratu zinthu. Laimu amathandiza kuzimanga, koma laimu sazichotsa. Amangozigoneka. Zaka zikapita, mlimi wina akamathira feteleza wa yuriya kapena salufeti chaka ndi chaka osathirako laimu, asidi amabwerera ndipo zitsulo zimadzuka. Mlimi ameneyo mwina sadziwa n'komwe kuti pamalopo panathiridwapo matope.

Amene anaonetsa bwino kutalika kwa nkhaniyi ndi munda wina waung'ono wa ku Woburn, m'chigawo cha Bedfordshire ku England, womwe umayang'aniridwa ndi malo a kafukufuku a Rothamsted. Mu 1942, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili m'kati ndipo feteleza akusowa, akatswiri anagawa mundawo m'magawo kuti ayerekeze manyowa a khola ndi matope a suweji ochokera ku Mogden, kumadzulo kwa London, pa ulimi wa ndiwo zamasamba. Matope anasiya kuthiridwa mu 1961. Patapita zaka zoposa 20, Philip Brookes ndi Steve McGrath anayeza tamoyo ting'onoting'ono ta m'nthakayo. Zotsatira zake, zimene zinatuluka mu 1984, zinaonetsa kuti m'magawo a matope tamoyoti tinali pafupifupi theka chabe la tomwe tinali m'magawo a manyowa a khola. Zitsulo zambiri zimene zinalowa pa nthawi ya nkhondo ndi pambuyo pake zinali zikadali pomwepo.

Chodabwitsa kwambiri chinaoneka pa clover, kambewu ka m'gulu la nyemba kamene alimi a ku Ulaya amasakaniza ndi udzu wa msipu. M'magawo a matope clover ankakula monyentchera, wachikasu. Atamuthira feteleza wa nayitirojeni anakula bwinobwino, kusonyeza kuti mbewuyo payokha sinali itapwetekedwa ndi zitsulo. Vuto linali kumizu. Aliyense amene anazulapo mtedza kapena soya amadziwa timibulu timene timamera kumizu, tomwe tikakhala tabwino timakhala tofiirira m'kati. M'menemo mumakhala mabakiteriya otchedwa Rhizobium, amene amatenga nayitirojeni mumpweya n'kupatsa mbewu. Ku Woburn timibuluto tinali tating'ono ndi toyera m'kati, topanda ntchito. McGrath, Ken Giller ndi Penny Hirsch anapeza kuti mitundu yothandiza ya mabakiteriyawa inali itafa, n'kutsala mtundu umodzi wopirira zitsulo koma wosathandiza clover. Giller ameneyu anadzakhala pulofesa wa za nthaka ku University of Zimbabwe, komwe anachita nawo kafukufuku wa madimba othiriridwa ndi madzi a suweji ku Harare, ndipo pambuyo pake anatsogolera ntchito ya N2Africa imene inalimbikitsa ulimi wa soya, mtedza ndi nyemba m'maiko angapo kuphatikizapo Malawi. Kwa mlimi amene chiyembekezo chake chobwezeretsa chonde chili pa nandolo, soya ndi mtedza, zimene zinachitika ku Woburn si nkhani ya azungu okha.

Maiko olemera sanathawe matope, koma anawamangira malamulo. Lamulo la maiko a ku Ulaya la mu 1986 linaika malire a zitsulo m'nthaka yolandira matope: cadmium asapitirire mamiligalamu 1 mpaka 3 pa kilogalamu ya dothi, mtovu 50 mpaka 300, zinki 150 mpaka 300. Linatinso ziweto zisadye msipu pasanathe masabata atatu chithirireni, ndipo pa nthaka yolimapo masamba ndi zipatso zokhudza pansi zodyedwa zosaphika pakhale miyezi 10 kukolola kusanachitike. Britain, amene ankataya matope ena m'nyanja mpaka kumapeto kwa 1998, amaletsa kuwathira pa nthaka imene pH yake ili pansi pa 5, ndipo amalamula makampani a madzi kusunga kaundula wa munda uliwonse umene walandira matope. America inakhazikitsa malamulo ake mu 1993. Komabe chimene chinathandiza kwenikweni si manambalawa. Chinali kukakamiza mafakitale kuti azichotsa zitsulo m'madzi awo asanawatayire m'paipi ya mzinda. Matope a masiku ano a ku London kapena ku Milwaukee ali ndi cadmium wochepa kwambiri poyerekeza ndi a m'zaka za m'ma 1950. Ngakhale zili choncho, ena anaona kuti ndi bwino kungosiyiratu. Switzerland inaletsa kuthira matope m'minda kuyambira mu 2006 ndipo imawatentha. Chigawo cha Maine ku America chinaletsa mu 2022, osati chifukwa cha zitsulo koma mankhwala ena osawola otchedwa PFAS, amene anapezeka mu mkaka ndi m'zitsime za mafamu omwe anathira matope zaka zambiri zapitazo.

Tisanawaweruze kwambiri matope, tinene chilungamo: feteleza wa fosifeti wa m'sitolo nayenso amakhala ndi cadmium wochokera ku miyala imene amapangira, ndipo manyowa a nkhumba ndi nkhuku zodyetsedwa chakudya chogula amakhala ndi kopa ndi zinki. Palibe chothira m'munda chimene chilibe mlandu. Kusiyana kwake ndi kuchuluka kwa zomwe zikuthiridwa pamalo amodzi, ndiponso ngati pali wina amene akuwerengera.

Ku Harare, amene anakonza mafamu aja ankaganiza za udzu ndi ng'ombe. Sankaganiza za mpiru. Koma chuma chitayamba kuvuta, anthu a m'makomboni oyandikana ndi mafamuwo anaona madzi osaphwa ndi dothi lakuda, n'kutsegula madimba. Ndani akanawaletsa, ana akufuna ndiwo ndi fizi? Mu 2006, M. Muchuweti ndi anzake anafalitsa zomwe anapeza m'mbewu zolimidwa ku Firle. Masamba a tsunga, womwe ndi mpiru m'chinenero chathu, anali ndi mamiligalamu 3.68 a cadmium pa kilogalamu, pamene malire a ku Ulaya amene anayerekeza nawo ndi 0.2. Mtovu, kopa ndi zinki nazo zinali zopitirira. Mbewu zamasamba monga mpiru, repu ndi letesi zimayamwa cadmium kuposa chimanga, chimene chimasunga wambiri m'mapesi ndi m'mizu n'kulola wochepa kufika m'maso a chimangacho. Fodya ndiye katswiri woyamwa cadmium, ndipo wosuta amamulowetsa kudzera m'mapapo. Dziko lolima fodya ngati Malawi liyenera kuisunga mfundo imeneyi.

Kwathu kuno anthu ambiri amagwiritsa ntchito zimbudzi zokumba, ndipo mapaipi a suweji ali m'madera ochepa a m'mizinda. Ku Blantyre kuli malo otsukira suweji monga a ku Soche, Limbe ndi Chirimba, ndipo ku Lilongwe kuli a ku Kauma. Mtengo wa feteleza ukamakwera chonchi, pamene alimi akusakaniza kale gaga, phulusa, ndowe ndi feteleza pang'ono kuti apange manyowa a Mbeya, maso sangalephere kugwera pa milu ya matope owuma. Maganizo anga ndi oti kuwataya onse kungakhale kuononga chuma, koma kuwatenga onse ngati ofanana kungakhale kulakwa kwakukulu. Manyowa a m'chimbudzi cha ecosan cha pakhomo, mmene mumangolowa za m'mimba, phulusa ndi dothi, alibe fakitale kumbuyo kwake. Choopsa chake ndi mazira a njoka zam'mimba, ndipo chimenecho chimachepa ndi nthawi, kutentha ndi kuuma. Matope ochokera ku paipi imene yadutsa ku mafakitale a ku Makata kapena ku Kanengo ndi chinthu china. Kuwasunga chaka chathunthu kumapha tizilombo, koma sikuchotsa ngakhale kambewu kamodzi ka mtovu. Funso loyamba kwa wogulitsa lisakhale loti awola mokwanira kapena ayi, koma loti paipi yake imachokera kuti, ndipo anayezedwa liti.

Kapinga wa pabwalo la mpira, maluwa a pamphambano za misewu, nazale ya mitengo ya matabwa, ndi malo ogumuka amene akufuna kuphimbidwa, amenewo ndi malo amene matope oyezedwa angagwire ntchito popanda kufika msanga m'mbale. Ngakhale pamenepo pali zoti munthu aziganizire. Ana amasewera pakapinga ndipo amaika zala m'kamwa, pomwe mtovu, ngakhale wochepa, umaononga ubongo wa mwana. Udzu wometedwa pabwalo nthawi zambiri umathera m'khola la mbuzi kapena la akalulu, kapena pa mulu wa kompositi wopita kudimba. Ndipo m'mizinda yathu kapinga wa lero ndi munda wa chimanga wa chaka chamawa, wokhalapo akasintha kapena njala ikaluma.

Ku Woburn akatswiri anatha kulondola chimene chinachitika chifukwa Rothamsted inalemba chilichonse chothiridwa m'gawo lililonse ndipo inasunga dothi la zaka zakale m'mabotolo. Ku Harare zinthu zinayenda mwina. Mapampu opopera madzi kumafamu anayamba kuonongeka, suweji yosatsukidwa bwino inabwerera m'mitsinje, ndipo nyanja ya Chivero inadwalanso. Mu December 2024 akuluakulu oona za nyama zakutchire m'dzikomo analengeza kuti zipembere zinayi zafa zitamwa madzi a m'nyanjayo okhala ndi poizoni wa ndere. Mbali zina za famu ya Crowborough, kumene ng'ombe zinkadya kale, zinadulidwa mapuloti ndipo anthu anamangapo nyumba. Mabanja amenewo akukumba zitsime pabwalo ndi kudzala masamba kuseri kwa nyumba, pa dothi la famu imene akatswiri aja anaiyeza n'kupezamo zinki, kopa, nickel ndi mtovu.